Mfuti ndi Galimoto: Walira Mvula Walira Matope

Munthu akagula galimoto palibe amene amadabwa kumuona akupita ku ofesi ya boma kukailembetsa. Amalandira nambala yoika kutsogolo ndi kumbuyo, amayesedwa ngati akudziwa kuyendetsa, amalipira inshuwalansi, ndipo wapolisi wapamsewu akamuimika amatulutsa mapepala ake. Zimenezi tinazizolowera kotero kuti tinaleka kufunsa chifukwa chake. Koma m'dziko la United States of America muli mkangano umene watha zaka zambiri, ndipo mbali ina ya mkanganowo yagona pa funso looneka lopepuka: ngati mwini galimoto amachita zonsezi, nanga bwanji mwini mfuti asamachite chimodzimodzi?

Funsoli ndi la anthu a ku America, ndipo oyenera kuligamula ndi eni ake. Komabe pansi pake pabisala funso lina limene likhudza banja lililonse, ngakhale banja limene silinagwirepo mfuti: munthu akakhala ndi chinthu chotha kupweteka mnzake, kodi ali ndi ngongole yanji kwa mnzakeyo tsoka lisanagwe? Tiyeni timve mbali zonse ziwiri modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukula kwa nkhaniyi

M'chaka cha 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko la America. M'chaka chomwecho anthu ofera pa ngozi zapamsewu anali pafupifupi 43,000. Chaka cha 2020 chinali ndi chizindikiro china chomvetsa chisoni: kwa ana ndi achinyamata a zaka zoyambira 1 mpaka 19, mfuti inapambana galimoto, nikhala chinthu choyamba chowapha. Bungwe la ku Geneva lotchedwa Small Arms Survey linawerengera m'chaka cha 2018 kuti anthu wamba a m'dzikomo anali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza kuti mfuti zinali zambiri kuposa anthu.

Poona ziwerengero ziwirizi zitayandikana chotere, n'chapafupi kumvetsa chifukwa chake anthu amayerekeza mfuti ndi galimoto. Zonse ziwiri ndi zitsulo zimene anthu mamiliyoni ali nazo. Zonse ziwiri eni ake ambiri amazisunga moyo wao wonse osapweteka nazo munthu. Ndipo zonse ziwiri, m'manja mwa munthu wosasamala, woledzera kapena wokwiya, zimasandutsa mkazi kukhala wamasiye m'kanthawi kochepa.

Mmene galimoto inamangidwira malamulo

Malamulo a galimoto sanagwe kuchokera kumwamba tsiku limodzi. Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Chigawo cha New York ndicho chinayamba, m'chaka cha 1901, kulamula kuti magalimoto azilembetsedwa. Chigawo cha Massachusetts chinayamba kupereka manambala a boma m'chaka cha 1903, ndipo m'chaka cha 1927 chinayamba kukakamiza eni magalimoto kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene angawapweteke. Zigawo zina zinatsatira pang'onopang'ono, mpaka pafupifupi zonse zinavomera. Cha New Hampshire ndicho chinadziwika ndi kusakakamiza inshuwalansi, komabe chimafuna kuti wochita ngozi asonyeze kuti angathe kulipira.

Ngakhale zinali choncho, imfa zapamsewu zinapitirira kuchuluka, ndipo anthu ambiri ankaziona ngati tsoka chabe, kapena ngati kulakwa kwa dalaivala yekha. Kusintha kwakukulu kunadza m'chaka cha 1966, pamene boma lalikulu linakhazikitsa lamulo loti galimoto yeniyeniyo izipangidwa motchinjiriza moyo. Kuyambira 1968 magalimoto atsopano anayenera kukhala ndi malamba omangira anthu pamipando. Misewu inakonzedwa, oyendetsa ataledzera anayamba kulangidwa kolimba, ndipo ngozi iliyonse yakupha inayamba kulembedwa ndi kufufuzidwa. Zotsatira zake n'zooneka. M'chaka cha 1966, pa mamailosi 100 miliyoni alionse amene magalimoto ankayenda, ankafa anthu oposa asanu. Pofika 2019 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa munthu mmodzi ndi pang'ono. Galimoto sinaletsedwe, ndipo palibe amene analandidwa yake. Koma anthu zikwizikwi amene akanafa ali moyo.

Mmene mfuti ikukhalira

Nkhani ya mfuti inayenda njira ina. M'chaka cha 1791, pa malamulo aakulu oyendetsera dzikolo anaonjezapo ndime khumi zoteteza ufulu wa anthu, ndipo yachiwiri mwa izo imanena za ufulu wosunga ndi kunyamula zida. M'chaka cha 2008, pa mlandu wotchedwa Heller, bwalo lalikulu la milandu linagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anai, kuti ndimeyo imapatsa munthu payekha ufulu wosunga mfuti m'nyumba mwake kuti adziteteze.

Kulembetsa mfuti kulipo, koma kwa mitundu yowerengeka. Lamulo la 1934, limene linadza pa nthawi ya zigawenga zotchuka za m'mizinda, linalamula kuti mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza ndi zina zodulidwa mpope zizilembetsedwa. Lamulo la 1968 linalamula kuti mfuti zopangidwa ndi makampani zizikhala ndi nambala. Lamulo la 1993, lotchedwa Brady, linachititsa kuti wogula mfuti m'sitolo yovomerezeka ayambe wafufuzidwa ngati ali ndi mbiri ya milandu. Koma lamulo la 1986, limene anasaina President Ronald Reagan, linaletsa boma lalikulu kukhala ndi kaundula wa mfuti wamba ndi eni ake. N'chifukwa chake ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia, kumene kuli ofesi yolondola mfuti zopezeka pa milandu, mapepala ochokera m'masitolo otsekedwa amasungidwa m'njira yoti munthu sangafufuze dzina la mwini pa kompyuta. Wapolisi akapeza mfuti pamalo a mlandu, ofesiyo imayamba kufunsa amene anaipanga, kenaka amene anaipikula, kenaka sitolo, mpaka wogula woyamba. Ngati wogulayo anaigulitsa kwa mnzake popanda pepala, monga malamulo a zigawo zambiri amalolera, mapazi amathera pomwepo. Zigawo zowerengeka zokha, monga Hawaii, ndizo zimalembetsa mfuti zonse.

Tsono oyerekeza aja amati: galimoto yogunda mwana nithawa imadziwika mwini wake m'mphindi zochepa, koma mfuti yopha mwana ingathe kusowa mwini. Kodi pamenepa pali chilungamo?

Mau a otsutsa

Sitiyenera kuganiza kuti onse okana maganizo amenewa ndi anthu ouma mtima. Ambiri ndi alimi, alenje ndi makolo okhala kutali ndi apolisi, ndipo zifukwa zao n'zoyenera kuzimvera.

Choyamba amati kuyendetsa galimoto pamsewu wa boma ndi chilolezo chimene boma limapereka, pamene kusunga mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu. Munthu salipira msonkho kuti alankhule kapena kuti apemphere; nanga alipirirenji kuti adziteteze?

Chachiwiri amati fanizo la galimoto likatsatidwa bwino limawakomera iwo. Galimoto yoyenda m'munda mwa mwini wake sifuna nambala, chiphaso kapena inshuwalansi. Malamulo amayamba pamene yalowa mumsewu wa onse. Wogula galimoto safufuzidwa mbiri ya milandu. Chiphaso choyendetsera cha chigawo chimodzi chimagwira ntchito m'zigawo zonse. Motero, iwo amati, mfuti yokhala m'nyumba ili ngati galimoto ya m'munda.

Chachitatu amati kaundula ndi khomo la kulanda. Amatchula za Australia, kumene munthu mmodzi atapha anthu 35 ku Port Arthur m'chaka cha 1996, boma linaletsa mitundu ina ya mfuti nilamula eni ake kuzipereka ndi kulandira ndalama. Mfuti pafupifupi 650,000 zinasonkhanitsidwa. Zimene ena amaziona ngati nzeru, iwo amaziona ngati chenjezo. Amatchulanso za Canada, kumene kaundula wa mfuti zazitali, wokhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ankati adzadyera boma madola 2 miliyoni okha, koma m'chaka cha 2002 woyang'anira chuma cha boma anaulula kuti ndalamazo zikukafika pa madola 1 biliyoni. Kaundulayo anathetsedwa m'chaka cha 2012.

Chachinai amati ziphaso ndi malipiro zimapsinja osauka, amene kawirikawiri ndiwo amakhala m'malo oopsa. Mbiri ya dzikolo ikuwachitira umboni pang'ono. M'chaka cha 1956, nyumba yake itaphulitsidwa ndi bomba ku Montgomery, Martin Luther King anapempha chilolezo chonyamula mfuti, koma akuluakulu a kumeneko anam'kaniza. Chilolezo chodalira mtima wa munthu wa mu ofesi chingathe kusanduka chida cha tsankho. Ndipo pamwamba pa zonse, iwo amati, chigawenga sichipita kukalembetsa mfuti yake.

Pamene fanizo likutsimphina

Tikayesa mau onsewa pa sikelo, tiyenera kuvomera kuti pa mfundo ya inshuwalansi fanizo la galimoto likutsimphina ndithu. Inshuwalansi inapangidwira ngozi, ndiye kuti choipa chimene munthu sanachifune. Palibe kampani imene imalipirira munthu mlandu umene wapalamula dala. Imfa zapamsewu pafupifupi zonse ndi ngozi. Imfa za mfuti sizili choncho. Mwa anthu 48,830 aja a m'chaka cha 2021, oposa 26,000 anadzipha okha, pafupifupi 21,000 anaphedwa dala ndi anzao, ndipo ofa mwangozi anali pakati pa 500 ndi 600, ndiye kuti ngati mmodzi pa 100 alionse.

Mzinda wa San Jose, m'chigawo cha California, ndiwo unayamba kuyesa njirayi. Munthu wina atapha anzake apantchito asanu ndi anai pamalo osungira sitima zapamtunda m'chaka cha 2021, khonsolo ya mzindawo inalamula m'chaka cha 2022 kuti eni mfuti akhale ndi inshuwalansi. Koma inshuwalansiyo imakhudza kuombera mwangozi kapena mosasamala basi. Tsoka limene linautsa lamulolo silikanalipiridwa nayo. Chigawo cha New Jersey nacho chinalamula m'chaka chomwecho kuti wonyamula mfuti poyera akhale ndi inshuwalansi ya madola 300,000, koma woweruza anaimitsa lamulolo m'chaka cha 2023.

Sitikunena kuti inshuwalansi ilibe phindu. Pa nkhani ya magalimoto, makampani a inshuwalansi, pofuna kuchepetsa ndalama zimene amalipira, anakhazikitsa m'chaka cha 1959 bungwe lao lofufuza ngozi, limene pambuyo pake linayamba kugunditsa magalimoto dala kuti lione olimba ndi ofooka. Akuluakulu a ku San Jose ankayembekeza kuti makampaniwo adzachitanso chimodzimodzi, nadzachepetsera malipiro munthu wosunga mfuti m'bokosi lokhoma. Maganizowo ndi abwino, koma mankhwala ake ndi a bala laling'ono pamene chilonda chachikulu chili pena. Ndiponso pali choopsa china cha mumtima. Munthu angathe kuganiza kuti polipira pachaka wagula mtendere wa chikumbumtima chake. Chipepeso chimathandiza otsala kugula chakudya ndi kulipirira ana sukulu, ndipo chilungamo chimafuna kuti chiperekedwe. Koma madzi akatayika saoleka.

Pa mfundo ya kaundula, phunziro la ku Canada ndi lakuti lamulo lingathe kukhala ndi cholinga chabwino nkukhala lodula kuposa phindu lake. Komatu tisaiwale mbali ina ya nkhani yomweyo: pothetsa kaundula wa mfuti zazitali, Canada sinathetse chiphaso cha mwini mfuti, ndipo mfuti zazing'ono za m'manja, zimene zakhala zikulembetsedwa kumeneko kuyambira 1934, zinapitirira kulembetsedwa. Anasiya kuwerenga mfuti iliyonse ya mlenje, koma sanasiye kufunsa kuti mlenjeyo ndani.

Pamene fanizo likuima chilili

Apa ndi pamene fanizo la galimoto lili ndi mphamvu. Chimene chimatilimbitsa mtima pamsewu si nambala ya galimoto yokha, koma kudziwa kuti wakhala pa chiongoleroyo anayesedwa, amadziwika, ndipo akachita zosayenera chiphaso chake chingalandidwe. Chigawo cha Connecticut chinalamula m'chaka cha 1995 kuti wofuna kugula mfuti ya m'manja ayambe watenga chiphaso, ataphunzira kasamalidwe kake ndi kufufuzidwa mbiri. Chigawo cha Missouri chinali ndi lamulo lofanana nalo, koma chinalichotsa m'chaka cha 2007. Ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti kuphana ndi mfuti kunachepa ku Connecticut, pamene ku Missouri kunachuluka. Anthu amakangana za kukula kwenikweni kwa kusinthako, koma mbali imene mphepo inalowera ikuoneka.

Nanga mau aja oti chigawenga sichilembetsa? Ndi oona, monga ndi zoonanso kuti mbala ya galimoto siyendera chiphaso. Koma pafupifupi mfuti iliyonse ya chigawenga inayamba ulendo wake mwalamulo, m'fakitale ndi m'sitolo. Penapake panjira inadutsa m'manja mwa munthu amene anaigulitsa osafunsa, kapena anagulira mnzake woletsedwa, kapena anaisiya m'galimoto yosakhoma nkubedwa. Pepala la kugulitsana silimanga chigawenga; limamanga dzanja limene linam'patsira.

Mau oti mfuti ya m'nyumba ili ngati galimoto ya m'munda nawonso ali ndi polekezera. Galimoto ya m'munda imakhala m'munda. Chipolopolo sichidziwa malire a munda, ndipo mfuti imalowa m'thumba nkutuluka pakhomo popanda woiona. Ndiponso m'nyumba simukhala mwini mfuti yekha. Muli mkazi, muli ana, muli mnyamata amene mtima wake wasweka usiku umodzi. Mwa anthu oyesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi 9 mwa 10 amafa, pamene ambiri oyesa njira zina amapulumuka, ndipo ochuluka mwa opulumukawo sadzafa modzipha. Mdima wa mumtima nthawi zambiri umapita. Mfuti yodzaza yokhala pafupi siupatsa nthawi yoti upite. Bokosi lokhoma ndi masiku ochepa odikira munthu asanalandire mfuti imene wagula zili ngati lamba wa pampando: sizichotsa ufulu wa ulendo, koma zimapulumutsa munthu pa mphindi imodzi yoipa.

Ufulu ndi udindo

Tsono tifike pa mfundo yolemera kuposa zonse, yoti mfuti ndi ufulu pamene galimoto ndi chilolezo chabe. Mpingo sukana kuti munthu angathe kuteteza moyo wake. Thomas Woyera wa ku Aquino anaphunzitsa kuti kudziteteza n'kololedwa, malinga munthu asapyole muyeso wofunika. Ndipo amene ali ndi udindo wosamala moyo wa ena angakhale wokakamizidwa kuwateteza. Bambo wa pafamu yakutali amene amaopera ana ake sitingamuyese wochimwa.

Koma kodi chinthu chikatchedwa ufulu, ndiye kuti chamasuka ku udindo? Papa Yohane XXIII, m'kalata yake ya 1963 yotchedwa Pacem in Terris, anaphunzitsa kuti ufulu uliwonse wa munthu umayenda pamodzi ndi udindo wake, ndi kuti kufuna ufulu nkuiwala udindo n'kugwetsa chimene ukumanga. Makolo athu ananena zomwezo mwachidule: walira mvula walira matope. Ngakhale bwalo lalikulu la ku America lomwe, pa mlandu wa Heller uja, linanena kuti ufuluwo uli ndi malire, ndipo silinatsutse malamulo oletsa mfuti kwa opalamula milandu ikuluikulu kapena m'malo monga sukulu. M'chaka cha 2022, pa mlandu wa Bruen, bwalolo linathetsa lamulo la ku New York limene linkapatsa akuluakulu mphamvu yosankha woyenera chilolezo monga mwa kuona kwao, koma silinathetse ziphaso zoperekedwa kwa aliyense wokwaniritsa mfundo zodziwika. Apa pali yankho la chisalungamo chimene chinagwera Martin Luther King: mankhwala a chilolezo chatsankho ndi chilolezo chachilungamo, chotsika mtengo, chofanana kwa wolemera ndi wosauka, kwa woyera ndi wakuda. Maepiskopi a ku America, kudzera m'komiti yao ina, anapempha kale m'chaka cha 1975 kuti mfuti za m'manja zizilembetsedwa, eni ake azikhala ndi ziphaso, ndipo pazikhala masiku odikira.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa mfuti ndi galimoto zomwe. M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo la ng'ombe yogunda. Ng'ombe ikapha munthu mosayembekezeka, mwini wake alibe mlandu wa imfa. Koma ngati inali ndi chizolowezi chogunda, mwiniyo nachenjezedwa koma osaitsekera, mlandu wa magazi uli pa iye. Mutu womwewo ukunena za wokumba dzenje nkulisiya losavundikira, ndipo buku la Deuteronomo, mutu 22, likulamula womanga nyumba kuika kampanda padenga kuti munthu angagwe. M'malamulo onsewa palibe amene akuletsedwa kuweta ng'ombe, kukumba dzenje kapena kumanga nyumba. Chimene chikufunsidwa n'chakuti mwini aone tsoka lisanafike, chifukwa moyo wa mnansi wake uli m'manja mwake ngakhale iye sanaufune.

Lamulo la ng'ombe lija linaonekanso m'masiku athu ano. M'mwezi wa November 2021, ku Oxford m'chigawo cha Michigan, mnyamata wa zaka 15 anapha ophunzira anzake anai ndi mfuti imene makolo ake anam'gulira masiku anai m'mbuyomo. M'mawa wa tsiku lomwelo aphunzitsi anaitana makolowo nawaonetsa zojambula zoopsa za mwana wao. Iwo sanatchule za mfutiyo, ndipo sanapite naye kunyumba. M'chaka cha 2024 bwalo linawapeza olakwa pa mlandu wochititsa imfa mosasamala, niwalamula kukhala m'ndende zaka 10 mpaka 15. Sanaombere munthu, koma anachenjezedwa ndipo khola analisiya lotsegula.

Chimene galimoto ikuphunzitsa

Motero yankho lathu ndi ili. Mfuti si galimoto. Galimoto inapangidwira ulendo, ndipo ikapha yalephera ntchito yake. Mfuti inapangidwira kulasa, ndipo ikapha yachita chimene anaipangira. N'chifukwa chake malamulo a galimoto sangasamutsidwe monga alili: inshuwalansi ingathandize pang'ono, ndipo kaundula ayenera kuyesedwa ndi zipatso zake ndi mtengo wake. Koma kusiyana kumeneku sikupeputsa udindo wa mwini mfuti, kukuukulitsa. Ngati timafuna kuti munthu ayesedwe ndi kudziwika asanagwire chinthu chimene chimapha mwangozi, n'kovuta kumvetsa kuti wogwira chinthu chopangidwira kupha afunsidwe zochepa.

Phunziro lalikulu la galimoto silili m'mapepala ake. Lili m'kusintha kwa mtima kumene kunachitika pamene anthu analeka kunena kuti imfa zapamsewu ndi tsoka losapeweka, nayamba kuziwerenga ndi kufunsa chimene chikanaziletsa. Pa nkhani ya mfuti, kufunsa komweko kunatsekerezedwa nthawi yaitali: m'chaka cha 1996 nyumba ya malamulo inaika ndime imene inachititsa kuti bungwe la boma loona za matenda lileke pafupifupi kafukufuku yense wa imfa za mfuti, ndipo ndalama za ntchitoyo zinavomerezedwanso m'chaka cha 2019. Mtundu wa anthu umene ukuopa kuwerenga maliro ake sungadziwe mankhwala ake.

Woyendetsa galimoto wabwino samva kuti chiphaso chake chikumunyoza. Amadziwa kuti iye ndi wosamala, koma amadziwanso kuti anzake apamsewu sangaone mumtima mwake, ndi kuti iye yemwe tsiku lina adzatopa, adzakwiya, adzakalamba. Povomera nambala pa galimoto yake akunena kwa anthu osawadziwa kuti: ndikakulakwirani mudzandipeza. Kuvomera kudziwika chotere ndi mtundu wina wa kudzichepetsa, ndipo ndi mtundu winanso wa chikondi cha pa mnansi. Munthu wofuna mphamvu yotha kuchotsa moyo, koma wokana kuti anzake adziwe kuti ali nayo, akupempha anzakewo chikhulupiriro chimene iye sakuwapatsa.

Ambiri mwa ife sitidzagula mfuti, ndipo mkangano wa ku America udzapitirira popanda ife. Koma aliyense ali ndi ng'ombe yake yogunda. Wina ali ndi galu wolusa amene anansi adandaula naye kale. Wina ali ndi chitsime chosavundikira pabwalo pamene ana amasewera. Wina amasunga mankhwala ophera tizilombo m'botolo la zakumwa, pamalo pofikira mwana. Wina amakweza anthu pa njinga yamoto imene mabuleki ake anatha mwezi wapitawo, kapena amapereka makiyi kwa mwana wake wopanda chiphaso. Lamulo la boma silingafike m'zipinda zonsezi, ndipo wapolisi sadzabwera kudzaona. Lamulo lachisanu la Mulungu limafikako, pakuti silitiletsa kupha kokha, komanso kusasamala kumene kumapha. Tiyeni madzulo ano, tisanagone, tiyendere nyumba zathu ndi kuona khola limene tasiya lotsegula.